Tsiku ndi Deti

M'kabati ya m'chipinda cha akulu a mpingo pa tchalitchi cha kwathu, pansi pa nsalu zoyera za pa gome la mgonero, mudali mabuku asanu ndi limodzi a zikuto zakuda, amene njenjete ndi chiswe zidayamba kale kuwalawa m'mphepete. Ndipo m'mabuku amenewo, kuyambira masiku a agogo athu kufikira masiku athu ano, alembi a mpingo adalembamo, wina akapita wina nalowa m'malo mwake, dzina la munthu aliyense wobatizidwa, mudzi wake, mfumu yake, kubadwa kwake ngati kudadziwika, ndi tsiku limene adagwada pamaso pa mpingo kulandira ubatizo. Popeza ine ndimapeza chakudya changa mu ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku tauni, akulu a mpingo adandiitanira pambali Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, nati: "Mwana wathu, mabukuwa akutha. Tithandizeni kuti mayinawa alowe m'makina chiswe chisanawamalize." Ndidavomera ndi mtima wonse, pakuti m'buku lachitatu mudali dzina la mayi anga, ndipo m'buku loyamba mudali la agogo amene adawabereka.

Tidagawana ntchito motere: anyamata awiri ndi atsikana awiri a m'gulu la achinyamata, amene adali pa tchuthi, adatenga mabukuwo tsamba ndi tsamba nakopera zonse mu Excel pa makompyuta obwereka, ndipo ine, Loweruka lililonse ndikabwera kumudzi, ndinkasonkhanitsa zimene alemba ndi kuzilumikiza ndi kapulogalamu kanga ka m'chinenero cha Python. Mayina a anthu ndi a midzi sadativute kwenikweni, pakuti ngakhale mlembi wina adalemba dzina ndi l pomwe mnzake adalemba ndi r, aliyense wa m'deralo ankamdziwa mwini dzinalo. Chimene chidatipunthwitsa chidali chinthu chimene ndidachiyesa chopepuka koposa zonse, ndicho madeti. Mlembi woyamba, wophunzira kwa amishoni, adalemba mwezi m'Chingerezi ndi dzanja lopendekeka lokongola. Womtsatira adalemba manambala okhaokha, olekanitsidwa ndi timizere. Wina adalemba Disembala, wina Dec., wina adaika madontho m'malo mwa timizere; ndipo m'danga la kubadwa mudali mawu onga akuti "chaka cha njala", "nthawi ya nkhondo", "wamkulu", kapena mudalibe kanthu konse.

Chinenero chathu chidachita bwino kubwereka mawu akuti deti popanda kutaya mawu akuti tsiku, pakuti ziwirizi si chinthu chimodzi ayi. Tsiku ndilo lija limene Mlengi adalipatsa m'bandakucha wake ndi chisisira chake, limene munthu adadzuka, nasamba, nayenda ulendo, naseka kapena kulira. Deti ndi dzina chabe limene alembi amalipatsa tsikulo pa pepala. Munthu wa kuno akaona 7/12/52, mtima wake umathamangira ku Disembala, ku mvula ndi ngumbi, asanaganize n'komwe. Koma kompyuta, ikapanda kuuzidwa, imaona zilembo zisanu ndi ziwiri zotungidwa pamodzi ngati mikanda pa ulusi, zimene ife a ntchitoyi timazitcha string; ndipo monga mkanda sudziwa ngati mnzake ali wofiira kapena woyera, chomwechonso 7 uja sadziwa kuti iye ndi tsiku, ngakhale 12 sadziwa kuti ndi mwezi. Ungathe kufunsa makinawo kuti zilembozo zilipo zingati, ndipo adzakuyankha moona. Koma ukawafunsa kuti kuchokera pamenepo kufika lero padutsa zaka zingati, alibe poyambira.

Ndidaziona ndi maso anga usiku woyamba, pamene ndidauza pulogalamu kuti indandalike anthu monga mwa kubatizidwa kwao, woyamba patsogolo. Padali anthu atatu: wa 2/3/1935, wa 10/1/1940, ndi wa 1/12/1958. Makina adaika wa 1958 pamwamba, wa 1940 pakati, ndipo nkhalamba ya 1935 adaiika kumapeto, chifukwa poyerekeza zilembo amayambira kumanzere, chimodzichimodzi, monga tichitira pofuna mawu m'buku lotanthauzira mawu: 1 atsogolera 2, ndipo mlandu umathera pomwepo, chaka chisanayang'anidwe konse. Pamene miyezi idalembedwa m'mawu, zidafika podabwitsa. Disembala, amene ali chitsirizira cha chaka, adakhala mwana woyamba, natsatidwa ndi Epulo, Febuluwale, Januwale, Julayi, Juni, Malichi, Meyi, Novembala, Ogasiti, Okutobala, ndi Seputembala potsiriza. Cholakwa cha mtundu umenewu n'chachifundo, pakuti chimaonekera poyera, ndipo ngakhale mwana wa sukulu angathe kuchiloza ndi chala.

Chimene chidandigwetsa chidali china, chobisika. Imodzi mwa makompyuta obwereka aja idakonzedwa monga mwa chizolowezi cha ku Amereka, kumene amalemba mwezi poyamba, tsiku pambuyo pake. Koma ife, potsata Angerezi, timayamba ndi tsiku. Excel ali ndi khalidwe lakuti akaona zilembo zofanana ndi deti, samafunsa, koma amazisandutsa nambala ya masiku, kuwerenga 1 Januwale 1900 ngati tsiku loyamba, nazikankhira kumanja kwa danga. Zimene walephera kuzimva amazisiya monga zilili, kumanzere. Tsono mtsikana wa pa kompyutayo akalemba 25/12/52, makina ankaona kuti kulibe mwezi wa 25, nasiya zilembozo mwamtendere. Koma akalemba 7/12/52, makina ankalandira mosakayika kuti ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku la 12. M'chaka chilichonse muli madeti 144 amene manambala ake onse awiri sapitirira 12. Mwa amenewo, 12 okha, onga 3 Malichi, ndiwo samasintha ukawatembenuza. Otsalawo, 132, amasanduka masiku ena popanda phokoso. Ngakhale 6 Julayi 1964, tsiku limene dziko lathu lidalandira ufulu, likalembedwa 6/7/1964 pa makina otere limasanduka 7 Juni.

Ine ndidaona ndithu kuti danga lija lidali losalongosoka, madeti ena kumanja, ena kumanzere, ndipo chimenecho chidali chenjezo lokwanira kwa munthu wodekha. Koma ndidachiyesa chilema cha maonekedwe chabe. Ndidalemba mizere ingapo yosandutsa onse kuti afanane, ndidalemba zatsopanozo pamwamba pa zakalezo, ndipo nditaona mndandanda wowongoka ngati mizere ya m'munda wa mlimi wakhama, mtima wanga udakondwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Patapita miyezi ingapo, ndili m'chipinda chija pamodzi ndi a mlembi a mpingo, mudalowa gogo wina wachikazi wa zaka za m'ma 80, wotsamira ndodo, amene ankasamukira kwa mwana wake ku boma lina, ndipo ankafuna kalata yosamukira ku mpingo wa kumeneko. A mlembi, ndi chimwemwe cha munthu amene walandira chipangizo chatsopano, adafufuza dzina lao pa kompyuta, nawerenga mokweza: "Mudabatizidwa pa 12 Julayi 1952." Gogo adakhala chete kanthawi, akusisita mutu wa ndodo yao ndi chala chachikulu, kenaka adati: "Iyayi, a mlembi. Ine sadandibatize nyengo yozizira. Chimanga chidali chitamera, chili m'akakolomu. Mvula idagwa usiku wonse, ndipo mtsinje tidawoloka titakweza nsalu, malemu mayi anga atasenza diresi langa loyera pamutu kuti lisanyowe." A mlembi adayankha mwaulemu kuti zaka zapita zambiri, ndipo kuti makina saiwala. Gogo adatembenukira kwa ine, pakuti adamva kuti makinawo ndine ndidawaphunzitsa, nati: "Mwanangu, manambala ine sindiwadziwa. Koma tsiku langa ndikulidziwa."

Ndidatsegula kabati, ndidatulutsa buku lachiwiri, ndipo patsamba lachikasu, m'inki yofiirira ndi ukalamba, padalembedwa 7/12/52. Kuti ndisatsale ndi chikayiko, ndidafunsa pulogalamu kuti madeti awiriwo adagwa pa masiku ati a sabata: 12 Julayi 1952 lidali Loweruka, pomwe 7 Disembala 1952 lidali Lamulungu, tsiku la ubatizo. Mlembi wa kale uja adalemba zoona, gogo adakumbukira zoona, ndipo pakati pa mboni ziwiri zokhulupirikazo, amene adaika bodza ndidali ine. Ndidapepesa kwa gogo pamaso pa a mlembi, ndipo iwo adangogwedeza mutu, nati: "Konzani, mwanangu, kuti ndikafike kwa eni ake ndi tsiku langa."

Usiku umenewo tulo sitidabwere, ndipo m'masabata otsatira ndidabwerera ku mndandanda wonse ndi mantha a munthu amene wapeza njoka imodzi m'nkhokwe. Ndidapeza zambiri. Alembi akale ankalemba chaka ndi manambala awiri, popeza aliyense wa m'nthawi yao ankadziwa zaka zana zimene akukhalamo; koma makina, akalandira manambala awiri, amachita kulota otsalawo, ndipo samalota mofanana. Excel, mwa chizolowezi chake, amatenga 00 kufikira 29 kukhala zaka za m'ma 2000, ndipo 30 kufikira 99 kukhala za m'ma 1900. Python, ukamuuza kuti awerenge ndi chizindikiro cha %y, amaika malire ake pena, natenga 00 kufikira 68 kukhala za m'ma 2000. Chotero agogo anga enieni, obatizidwa mu 1927 ndi kugona m'manda zaka zambiri zapitazo, ndidawapeza atalembedwa kuti adzabatizidwa mu 2027, ndipo anthu ena a mu 1961 adali kuyembekezera chaka cha 2061. Obadwa chisanafike chaka cha 1900, amene adalipo angapo m'buku loyamba, Excel sadawazindikire konse ngati madeti, pakuti kuwerenga kwake sikubwerera m'mbuyo kupyola pamenepo.

Komabe zonsezi ndingathe kunena kuti makina adandinyenga. Pali chimodzi chimene ndidachita ndekha, ndi maso otsegula, ndipo ndicho chimandilemera kufikira lero. Danga la kubadwa ndidalikonza kuti lizilandira deti yathunthu yokha, tsiku, mwezi ndi chaka; tsono nditafika pa anthu aja olembedwa "chaka cha njala", ndidadziwa kuti akunena njala ya 1949, koma makina adakana chaka chopanda mwezi, ndipo ine, pofuna kuti ntchito ipite, ndidawapatsa onse 1 Januwale 1949. Ndaona zitupa zambiri za okalamba zokhala ndi 1 Januwale, ndipo ndikudziwa tsopano m'mene tsiku limenelo limabadwira: limabadwa pamene mlembi watopa, danga likufuna kudzazidwa, ndipo mwini wake palibe kapena sakufunsidwa. Mlembi wa kale, polemba "chaka cha njala", adanena zonse zimene ankadziwa, osawonjezapo kanthu. Mawu akewo adali ndi mbiri m'kati mwake, ya mayi amene adabereka mwana nkhokwe zili gwa, namlera ndi zikhawo ndi gaga. Ine ndidafafaniza umboni umenewo, ndi kuikapo tsiku looneka lotsimikizika limene palibe munthu adalichitira umboni. Ndipo mdzukulu amene adzafufuze m'tsogolo sadzatha kusiyanitsa wobadwadi pa 1 Januwale ndi amene ndidamponyera pamenepo. Lamulo loletsa umboni wonama tidaliphunzira m'kalasi ya ubatizo tili ana, koma sindidaganizepo kuti lingandipeze pa danga la mu kompyuta.

Sindinena izi ngati kuti tsoka lotere limagwera mipingo ya kumudzi yokha. Mu 2016 akatswiri a ku Melbourne adapenda nkhani za kafukufuku wa tizinthu ta m'maselo totengera ku makolo, totchedwa ma gene, ndipo mwa nkhani zimene zidali ndi mindandanda ya mu Excel, pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse idali ndi mayina owonongeka, pakuti dzina longa SEPT2 makina adalisandutsa 2 Seputembala. Mapeto ake, mu 2020 komiti yosunga mayinawo idasintha ena mwa iwo, MARCH1 nakhala MARCHF1, SEPT1 nakhala SEPTIN1. Pa 1 Januwale 2022 makalata a pa intaneti adaima m'maofesi ambiri ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange, chifukwa deti idalembedwa ngati 2201010001 ndi kusandutsidwa nambala, ndipo nambalayo idaposa 2,147,483,647, amene ndiwo malire a malo amene idapatsidwa. Ndipo vuto lalikulu la chaka cha 2000, limene lidadya chuma ndi tulo ta anthu ambiri a ntchito yathu padziko lonse, muzu wake udali womwewu wa alembi a kwathu: chaka cha manambala awiri, chimene akale adachisankha m'masiku a makadi obowola a madanga 80, pamene malo osungira zinthu m'makina adali a mtengo wapatali.

Mankhwala a mbali imodzi ya matendawa alipo, ndipo ngosavuta. Mu 1988 bungwe la miyezo ya dziko lonse lidatulutsa muyezo wotchedwa ISO 8601, umene umati deti ilembedwe kuyambira chachikulu kutsikira ku chaching'ono: chaka cha manambala anayi, mwezi wa manambala awiri, tsiku la manambala awiri, monga 1952-12-07. Ubwino wake uli pawiri. Choyamba, Mmalawi ndi Mmereka amaiwerenga mofanana. Chachiwiri, ngakhale makina aione ngati mikanda chabe, ndondomeko ya zilembo imagwirizana ndi ndondomeko ya nthawi, kotero kuti anthu atatu aja, akalembedwa 1935-03-02, 1940-01-10 ndi 1958-12-01, amaima yense pamalo pake, wamkulu patsogolo. N'chifukwa chake SQLite, nkhokwe yaing'ono ya zinthu imene ili m'mafoni ambiri a m'manja, ilibe mtundu wapadera wa deti, koma imalola kuti madeti asungidwe ngati zilembo za maonekedwe amenewa, kapena ngati manambala. Ndipo chimene chidandikhudza mtima nditabwerera kukawerenga muyezowo modekha n'chakuti umalola munthu kulemba chaka chokha, 1949, kapena chaka ndi mwezi, 1949-03, ngati ndi zokhazo zimene akudziwa. Njira yonenera zoona idalipo kale. Safunsa adadya phula.

Ngakhale pamenepo munthu asagone tulo. Pamene ndidayesa kuonetsa kaundulayo pa tsamba la intaneti, ndidapeza kuti deti ikaphatikizidwa ndi ola imayamba kuyenda: pakati pa usiku pa 7 Disembala kuno kwathu, kumene tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya Greenwich, ndi 10 koloko usiku wa pa 6 Disembala pa wotchi ya dziko lonse, ndipo pulogalamu yosasamala imadula olalo nisiya 6. Tsiku la ubatizo silifuna ola, ndipo wolipatsa ola walitsegulira khomo losocherera. Kalendala nayonso ndi ntchito ya manja a anthu, yokhala ndi zigamba zake: mu 1582, mwa lamulo la Papa Gregory wa 13, tsiku lotsatira 4 Okutobala lidali 15 Okutobala, Angerezi adachedwa kufikira 1752, pamene adagona pa 2 Seputembala nadzuka pa 14, ndipo Excel kufikira lero amavomereza 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silidakhalepo, popeza adalandira cholakwacho ngati cholowa kuchokera ku Lotus 1-2-3. Patsogolo pathu pali 19 Januwale 2038, pamene makina akale owerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pa malire omwe aja a 2,147,483,647. Chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chokha tsiku lake tidauzidwa.

Ntchito ya kaundula tidaiyambanso, pakuti zimene ndidalemba pamwamba pa zinzake sizikadabwezeka, ndipo chidatipulumutsa n'chakuti mabuku aja adali akadali m'kabati. Achinyamata aja adabweranso osadandaula, ndipo ulendo uno tidakhala awiriawiri, wina kuwerenga mokweza, wina kulemba. Munthu aliyense tsopano ali ndi madanga atatu pamene kale padali limodzi. M'danga loyamba timakopera zimene mlembi adalemba, chilembo ndi chilembo, ndi madontho ake, ndi zolakwa zake zomwe, ndipo dangalo tidalitseka kuti makina asalisandutse kanthu, ngakhale munthu asalikonze. M'danga lachiwiri timalemba kumasulira kwathu monga mwa ISO 8601, kufikira pamene kudziwa kwathu kwalekezera: tsiku lathunthu ngati lilipo, chaka chokha ngati ndi chokhacho, ndipo ngati palibe, dangalo limakhala lopanda kanthu. M'danga lachitatu timanena amene wamasulira ndi chifukwa chake, monga kuti "njala ya 1949, atero a mlembi opuma", kapena "mwini wake watsimikiza". Pulogalamu yowerenga madeti ndidaiuza maonekedwe amene iyenera kuyembekezera, tsiku poyamba, ndipo ikakumana ndi chimene sichikugwirizana nawo iime ndi kuitana munthu, isalote. Ndidawonjezanso kuti iziloza ubatizo uliwonse umene sudagwe Lamulungu, kuti tikauonenso m'buku. Ena mwa amenewo adapezeka oona, a odwala obatizidwa pa mphasa pakati pa sabata, ndipo tidawasiya monga adalili.

Inu ana anga ndi adzukulu amene mukuphunzira ntchito imeneyi m'masukulu a ukachenjede, mudzapatsidwa makaundula a zipatala, a sukulu, a minda ndi a penshoni, ndipo kumbuyo kwa deti iliyonse kudzakhala munthu amene mwina sadzakhala ndi mphamvu yobwera kudzakutsutsani monga adachitira gogo uja. Ndikupemphani: musafafanize zimene mlembi woyamba adalemba, musalole makina kulota mwezi kapena chaka, ndipo pamene simukudziwa, siyani danga lopanda kanthu, mukafunse eni ake akadali ndi moyo. Kalata ya gogo tidailemba tsiku lomwelo ndi cholembera, mwezi m'mawu athunthu, 7 Disembala 1952, ndipo a mlembi adawawerengera kawiri asanaipinde.